Kabwalo kozungulira naphini

Mu foni yanga muli chithunzi chimene ndasamuka nacho m'mafoni atatu tsopano. Wosadziwa akachiona amayesa ndajambula chakudya chowola. Ndi mbale ya pulasitiki ya mu labu, yomera mabakiteriya paliponse ngati nkhungu pa nsima yogona, koma mbali ina pali kabwalo koyera, kozungulira bwinobwino, ngati pamene mayi wasesa pansi pa mtengo wa mango. Pakati pa kabwaloko pali kadzenje ka madzi ofiirira. Madziwo ndi a mizu ya naphini imene azakhali anga anakumba ndi manja awo.

Tsiku limene ndinachijambula ndinali ndi chimwemwe chosaneneka. Patapita miyezi isanu ndinkachita mantha kuchitsegula. Ndikulemba za chithunzichi chifukwa sabata siitha osalandira uthenga pa WhatsApp wonena kuti asayansi apeza kuti tsamba lakutilakuti limapha tizilombo timene takanika kuchipatala. Uthenga wotero ine ndinaufalitsapo ndi pakamwa panga, ndipo ndinaona kumene unakagwera.

## Chitsa cha kumunda

Bambo anadzibaya pa chitsa mu Okutobala, akusosa m'munda kwathu ku Kasungu. Kabala kake sikanali koopsa, pamwamba pa akakolo, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Koma bambo amadwala shuga, ndipo bala la munthu wa shuga silichedwa kulusa. Anachita zimene aliyense kwathu amachita. Anatuma mwana ku golosale kukagula makapisozi anayi, awiri anamwa, awiri anawatsegula n'kuwaza ufa wake pabalapo.

Pakutha pa masabata awiri nsapato inali itakana kulowa. Ku chipatala chaching'ono anawapatsa amoxicillin. Atabwererako anawapatsa Bactrim. Pamene tinkawagoneka ku chipatala chachikulu bala linali litafika kukula ngati chikhatho, likutuluka mafinya, fungo lake lokulandira pakhomo la wodi. Anawayamba jakisoni wa ceftriaxone, amene m'zipatala zathu timamudalira ngati mwana woyamba kubadwa. Masiku asanu anatha, mwendo osaphwa.

Nthawi imeneyo ndinali chaka chachitatu ku koleji, ndikuphunzira ntchito ya mu labu. Ndinapempha adokotala kuti atenge mafinya akayezedwe, ndipo anavomera. Zotsatira zitabwera ndinaziwerenga nditaimirira pakhonde. Staphylococcus aureus, bakiteriya wa mtundu wosamva mankhwala ambiri umene timautcha MRSA. Pa mndandanda wa mankhwala panali zilembo R zotsatizana, kusonyeza kuti kachilomboko sikawamva. Amoxicillin, Bactrim ndi ceftriaxone yemwe, zonse zinali ngati kuthira madzi pa bakha.

Nkhani ya tizilombo tosamva mankhwala ndinali nditailemba kale m'mayeso. Aphunzitsi anatilembera pa bolodi zimene ofufuza anapeza ku Queen Elizabeth ku Blantyre atasanthula magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Mwa mabakiteriya otchedwa Klebsiella opezeka m'magazi, osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 alionse mu 2003, koma pofika 2016 anapitirira 90. Mabakiteriya a E. coli osamva mankhwalawo anachoka pa osakwana mmodzi pa 100 kufika pa 30. Ndinaloweza manambalawa ngati ndakatulo ndipo ndinakhoza. Sindinaganizepo kuti tsiku lina pamwamba pa pepala lotere padzakhala dzina la bambo anga.

## Chigubu pansi pa bedi

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anabwera kudzathandizana ndi amayi pa ugadiyani. Iwo si sing'anga wa nyanga ndi ula ayi. Ndi mayi amene mudzi wonse umathamangira kwa iye mwana akatsegula m'mimba kapena munthu akadzitema ndi nkhwangwa. Anaphunzira kwa agogo awo aakazi, ndipo salipiritsa, kupatula nkhuku imene wina angabweretse mwa kufuna kwake.

Usiku wina ndinafika mochedwa ndipo ndinawapeza atagwada pambali pa bedi, atamasula bandeji, akutsuka bala ndi kansalu koviika m'madzi ofiirira. Chigubu chake chinali pansi pa bedi, chobisika kuseri kwa mtanga wa mbale. Bambo anangotembenuzira nkhope kukhoma.

Ndinawakokera panja. Sindikumbukira mawu onse amene ndinanena, koma ndikukumbukira kuti ndinakweza mawu kwa munthu wamkulu pamaso pa magadiyani ena.

"Azakhali, mukufuna kuwadulitsa mwendo? Zamatopezi mukuthira pabala lotseguka?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. "Mwanawe, achimwenewa ndinawatsuka bala la ng'ombe iwe usanabadwe, ndi naphini yemweyu. Jakisoni wanuyo watha masiku angati? Waphwetsa chiyani?"

Funso limenelo linandipweteka chifukwa yankho lake linali m'thumba mwanga, pa pepala la zilembo R lija. Ndinalanda chigubucho. Ndinawauzanso kuti andipatse mizu youma imene inatsala, ndipo anandipatsa osakana, atakulunga m'nyuzipepala. Iwo ankaganiza kuti ndikukataya. Ine ndinali ndi cholinga china. Ndinkafuna kukayesa mu labu kuti ndibwere ndi umboni woti ndiwatseke nawo pakamwa.

## Mmawa wa Lachinayi

Amene ankandiyang'anira pa ntchito ya mu labu anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Nditawafotokozera anavomera kuti ndichite ngati gawo la kafukufuku wanga wa kusukulu, bola ndigwire MRSA iwo ali pomwepo ndiponso ndiyese mitundu iwiri ya mabakiteriya, osati umodzi.

Mayesowo ndi osavuta kuwamvetsa. Umatenga mbale yokhala ndi chakudya cha mabakiteriya cholimba ngati phala lozizira, chimene timachitcha agar. Umapaka mabakiteriya pamwamba ponse ndi kathonje. Kenako umaikapo timapepala tozungulira tonyowetsedwa ndi maantibayotiki osiyanasiyana, ndipo pofuna kuyesa madzi a zitsamba umaboola tizenje n'kudonthezamo. Mbaleyo imagona usiku wonse m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Mankhwala amayenderera mu agar kuchoka pamene wawaika. Ngati akugwira ntchito, mabakiteriya samera pafupi, ndiye pamatsala kabwalo koyera. Ngati sakugwira, amamera mpaka kukhudza kapepala.

Ndinasinja mizu ija, ina ndinaiwiritsa m'madzi monga amachitira azakhali, ina ndinaiviika mu methanol, sipiriti wa mu labu, masiku awiri, n'kusefa, n'kuumitsa. Mbale imodzi ndinapaka MRSA wochokera pa bala la bambo. Ina ndinapaka Klebsiella wosamva ceftriaxone amene tinali naye mu labu.

Lachinayi ndinafika 7 koloko isanakwane. Ndinavala magolovesi, ndinatsegula kabati, fungo lija la mbale zogona linandiwomba. Ndinatenga mbale ya MRSA n'kuikweza ku kuwala kwa pawindo.

Timapepala ta mankhwala amene bambo anamwa tinali titamira m'mabakiteriya, popanda ngakhale kamzere. Kadzenje ka methanol yekha, kamene timaika pofuna kutsimikiza kuti si iye akupha, kanalibe kanthu. Koma pa kadzenje ka naphini woviika mu methanol panali kabwalo, kakukula ngati batani la jekete, m'mphepete mwake mosongoka bwino. Pa naphini wowiritsa m'madzi panalinso kabwalo, kocheperapo, koma kooneka ndi maso osafuna kuunikira.

Ndinakhala pa kampando. Manja ankanjenjemera. Ndinaganiza za mayi amene sanapite patali ndi sukulu, atagwada pa simenti yozizira usiku, ndi mawu aja ndinawanenera pamaso pa anthu. Kachilombo kamene kanagonjetsa mankhwala atatu a m'botolo kanalephera kuyandikira muzu wa m'tchire la kwathu. Ndinalira, mu labu, nditavala magolovesi. Kenako ndinajambula chithunzi chija.

Mbale yachiwiri ndinaiyang'ananso. Klebsiella anali atamera paliponse, mpaka m'milomo ya tizenje tonse tiwiri ta naphini. Ndinaibweza pa tebulo. Imeneyo sindinaijambule.

Ndinatuluka panja n'kuimba foni. "Azakhali, ndikhululukireni. Naphini wanu uja ndamuyesa ku labu. Wapha kachilombo kamene kakana mankhwala onse a kuchipatala."

Ndi mawu okhawo amene ndinanena. Onse anali oona, ndipo anali theka la zimene zinali pa tebulo.

## Zimene bambo wachikulire uja anandionetsa

Atafika ndinawaonetsa mbale ndili kumwetulira. Anaiyeza ndi rula, analemba m'buku, kenako anafunsa kuti yachiwiri ili kuti. Ataiona anagwedeza mutu ngati munthu amene zimenezi anaziona kambiri.

"Mawa upange mbale ina," anatero. "Kadzenje kamodzi uthiremo madzi a sopo, kena mankhwala otsukira pansi. Uona mabwalo aakulu kuposa awa. Ndiye undiuze ngati ungamuike munthu sopo mu diripi."

Masabata otsatira anandiphunzitsa kuwerenga kabwalo kaja moona mtima. Choyamba chinali kuchuluka kwa mankhwala. Tinasungunula ufa wa naphini pang'onopang'ono, theka la theka la theka, kufuna kuona mlingo wochepetsetsa umene ungaletse MRSA kumera. Maantibayotiki amene akugwira bwino ntchito amafuna timamaikulogalamu tochepa pa mililita imodzi. Madzi a zitsamba nthawi zambiri amafuna mazana a timamaikulogalamu kapena mamiligalamu athunthu, kutanthauza kuchulukitsa kambirimbiri, mwina mpaka ka 1,000. Wathu naphini sanasiyane ndi anzake. Pa mbale zimenezo sizivuta, umangodontheza madzi okhathamira pa malo amodzi. Koma munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo chimene wamwa chiyenera kupulumuka m'mimba, kudutsa khoma la matumbo, kupulumuka ku chiwindi, kenako kufika pa fupa kapena m'mapapo chikadali ndi mphamvu, impso zisanachitaye.

Chachiwiri chinali chimene chimapanga kabwaloko. Mukalawa madzi a naphini amamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Chimene chimamanga m'kamwacho ndi ma tannin, omwe aja amapezeka m'makungwa ofufutira zikopa. Ma tannin amagwira mapuloteni alionse amene akumana nawo, a bakiteriya ndi a munthu yemwe. Pa bala la pakhungu zimenezi zingathe kuumitsa chinyezi ndi kuvutitsa tizilombo ta pamwamba. Koma magazi ndi odzaza ndi mapuloteni, ndiye kangachepe kamene kalowamo kamagwidwa kasanafike kulikonse. Naphini, amene m'mabuku amamutcha Terminalia sericea, ali ndi zinthu zinanso kupatula ma tannin, ndipo ofufuza a ku Pretoria motsogozedwa ndi J.N. Eloff akhala akuyesa mitengo ya banja lake kwa zaka zambiri. Eloff yemweyo ndi amene mu 1998 anafalitsa njira yoyezera mlingo wochepetsetsa wa madzi a zomera m'timabowo ting'onoting'ono, chifukwa kukula kwa kabwalo pa agar kumanyenga. Kumadalira kwambiri mmene chinthucho chimayendera mu agar, osati mphamvu yake yokha.

Chachitatu chinali mbale imene sindinaijambule. Mabakiteriya a mtundu wa Klebsiella ndi E. coli ali ndi chikopa chachiwiri kunja, ndiponso timapampu totulutsa poizoni amene walowa. Staphylococcus alibe chikopa chachiwiricho. N'chifukwa chake zitsamba zambiri zimaoneka zamphamvu pa Staphylococcus koma zimagwa mphwayi pa Klebsiella. Ndipo amene akupha makanda m'mawodi athu, amene manambala a ku Blantyre aja ankanena, ambiri ndi a chikopa chachiwiriwo.

Panali chinanso. Madzi a m'chigubu chimene ndinalanda, amene anali atakhala masiku anayi pansi pa bedi, ndinawapaka pa mbale yawoyawo. Anameretsa mabakiteriya awoawo, amitundumitundu. Mankhwala amene ankatsuka bala ankabweretsanso alendo.

Zonsezi ndinazilemba bwino mu lipoti langa la kusukulu. Kumudzi sindinaimbenso foni.

## Bambo anachira

Adokotala anachotsa mnofu wonse wakufa pabalapo, anawongola shuga ndi insulin, ndipo anatilembera clindamycin, mmodzi mwa mankhwala ochepa amene pa pepala lija anali ndi chilembo S, kusonyeza kuti kachilomboko kamawamva. Tinakamugula ku famase ndi ndalama ya mbuzi ziwiri. Patatha masabata asanu ndi awiri bambo anatuluka akuyenda ndi miyendo yawo yonse.

Kumudzi nkhani inali itafika kale iwo asanafike. Naphini wachiritsa bala limene linakanika ku chipatala chachikulu, ndipo mwana wawo yemwe, wophunzira za labu, watsimikiza. Azakhali sananame. Anabwereza zimene ndinawauza. Ine nditamva ndinangoseka pang'ono, ndinaona ngati ndi mphatso imene ndawabwezera pa chipongwe chija.

## Mwana wa kutsidya kwa dambo

Mu Malichi ndinapita kumudzi ndipo amayi anandiuza kuti ndikazonde mwana wa banja lina la kutsidya kwa dambo, amene anali atangotuluka m'chipatala. Anali mnyamata wa zaka 9. Anayamba kudandaula kupweteka pansi pa bondo, thupi linatentha, mwendo unatupa, koma panalibe bala lililonse. Makolo ake anali atamva za naphini. Sanapite ngakhale kwa azakhali, anakakumba okha. Popeza panalibe bala loti atsuke, anawiritsa mizu n'kumamwetsa mwanayo, kapu m'mawa, kapu madzulo, kwinaku akuthowa mwendo. Anatero masiku asanu ndi limodzi. Pamene ankamukweza pa kabaza mwanayo sankazindikiranso anthu.

Tizilombo tinali mu fupa. Anamuchita opaleshoni kawiri kuti atulutse mafinya ndi fupa lakufa, ndipo anakhala m'chipatala pafupifupi miyezi iwiri. Anapulumuka. Mpaka lero amatsimphina.

Ndinakhala pa mphasa pakhonde pawo. Mayi ake anandilandira ndi ulemu wonse, anandipatsa chimanga chootcha. Sanandiimbe mlandu. Pofotokoza mmene zinayendera anangonena mwakachetechete kuti, "Ifetu tinalimba mtima chifukwa tinamva kuti inu munayesa ku makina."

Ndikudziwa kuti panali zifukwa zina. Chipatala chili kutali, inali nyengo ya njala, ndalama ya kabaza inalibe pochokera. Mwina akanachedwabe popanda ine. Koma chimene chinawalimbitsa mtima tsiku lachitatu, lachinayi ndi lachisanu chinali mawu a munthu wovala gauni yoyera, ndipo munthuyo ndinali ine. Mbale ya Klebsiella ndinaiona ndi maso anga. Za mlingo ndi za magazi ndinazidziwa pasanathe mwezi. Kuimba foni yachiwiri kukanatenga mphindi zitatu.

## Sindinataye naphini

Wina angayembekezere kuti kuchokera pamenepo ndinabwerera ku maganizo anga akale, oti zitsamba ndi zamatope. Ayi. Kabwalo kaja kanali koona, ndipo sindingakafufute.

Aliyense wa ife anamwapo LA. Mphamvu yake yaikulu imachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, chimene anthu kumeneko ankachigwiritsa ntchito pa malungo kwa zaka mazanamazana. Boma la China linayamba ntchito yofufuza mankhwala a malungo mu 1967. Gulu la mayi Tu Youyou linayesa zitsamba zambirimbiri, ndipo chitsambachi poyamba chinkapereka zotsatira zosadalirika. Mayiyu atawerenga malemba a Ge Hong, amene anakhalako zaka za m'ma 300, anaona kuti akale ankaviika m'madzi ozizira n'kufinya, osawiritsa. Anazindikira kuti moto ndi umene unkawononga mankhwalawo, anasintha njira, ndipo mu 1971 zinatheka. Analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Malungo si bakiteriya, koma njira yake ndi imene ikundikhudza. Mayiyu anamvera akale mosamala kuposa mmene ine ndinamverera azakhali, ndipo anawayesa mwankhanza kuposa mmene ine ndinayesera naphini. Pakati pa tsamba ndi piritsi la LA pali zaka za kupatula chinthu chimodzi mwa mazana, kuyeza mlingo, kuyesa pa nyama, kuyesa pa anthu.

Ngakhale penicillin anayenda ulendo womwewo. Alexander Fleming anaona kabwalo kake ku London mu 1928, kozungulira nkhungu, pa mbale ya Staphylococcus ngati yanga. Mmodzi mwa odwala oyamba kulandira mankhwalawo mokwanira kuti aoneke mphamvu yake, wapolisi wina wogonekedwa m'chipatala ku Oxford dzina lake Albert Alexander, anawalandira mu 1941. Anayamba kuchira, mankhwala anatha, ndipo anamwalira. Zaka 13 kuchokera pa kabwalo, ndipo ntchito inali isanathe.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo kwambiri si zitsamba zopha mabakiteriya, koma zimene zimawalanda zida. Mu 2000 ofufuza a ku America, pakati pawo Frank Stermitz ndi Kim Lewis, anaonetsa kuti zomera za mtundu wa Berberis zimapanga zinthu ziwiri pamodzi. China ndi berberine, amene payekha ndi wofooka chifukwa Staphylococcus amamupopera kunja. Chinacho sichipha chilichonse, ntchito yake ndi kutseka pampuyo. Zikakhala pamodzi kachilombo kamagonja. Ku Emory University, Cassandra Quave anapeza kuti madzi a zipatso za mtengo wina wa ku South America saipha MRSA, koma amaisokoneza kuti isamatumizirane zizindikiro zoyambitsa kutulutsa poizoni, ndipo mbewa zimene anaziyesa sizinachite zilonda. Pa mbale ngati yanga chinthu chotero sichingapange kabwalo konse, tikanachitaya. Ndipo ku Nottingham mu 2015 anaphika mankhwala a maso olembedwa m'buku la Angelezi la zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, osakaniza adyo, anyezi, vinyo ndi ndulu ya ng'ombe, osungidwa masiku 9. Anapha MRSA kwambiri, pamene chilichonse mwa zinthuzo pachokha sichinafike pamenepo.

Nkhani zimenezi zimandiuza kuti pamene azakhali amaumirira kuti muzu uwu umayenda ndi khungwa lija, kapena kuti uwu suwiritsidwa, ndiyenera kutenga cholembera. Zimandiuzanso kuti palibe chimodzi mwa zitatu zomalizazi chimene lero dokotala angachiike mu diripi ya mwana amene tizilombo tamulowa m'magazi. Maantibayotiki amene tili nawo anachokera ku nkhungu, ku mabakiteriya a m'nthaka, kapena anapangidwa m'mafakitale. Zomera zatipatsa mankhwala a malungo, a ululu, a mtima ndi a khansa, koma pa mabakiteriya a m'magazi zikadali pakhomo.

## Chimene chimandikwiyitsa

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chiwerengero cha imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chinali chokwera kwambiri kuno ku Africa kum'mwera kwa Sahara. Pamene mankhwala akulephera, msika wa malonjezo umakula. Wa chimkuzamawu pa depoti akugulitsa botolo limodzi lochiritsa chinzonono, zilonda za m'mimba ndi shuga, ndipo masiku ano amawonjezera kuti linayesedwa ku labu. Mwina linayesedwadi. Mwina linapanga kabwalo. Ine ndikudziwa kulemera kwa mawu amenewo, ndi kupepuka kwake.

Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa ife a mu labu. Chaka chilichonse ophunzira amaviika nimu, adyo, chamwamba kapena masamba a gwafa, amayeza kabwalo, amalemba kuti chomerachi chili ndi mphamvu, amalandira digiri, lipoti n'kukagona pa shelefu. Ochepa amapitiriza kuyeza mlingo. Ochepa kwambiri amayesa ngati madziwo sawononga maselo a munthu, chiwindi kapena impso, kapena ngati sasokoneza ma ARV amene wodwalayo akumwa. Ena sapititsa ngakhale nthambi ku National Herbarium ku Zomba kuti akatswiri atsimikize kuti mtengowo ndi umene akuutchulawo, pamene dzina limodzi la Chichewa limatha kutanthauza mitengo iwiri m'maboma awiri. Timaima pa malo amene amasangalatsa, ndipo anthu akumudzi amamva kuti tamaliza.

Nthawi nayo sikutidikira. Azakhali kale ankakumba naphini kuseri kwa manda. Pano amayenda maola awiri, chifukwa tchire linapita ku makala ndi ku zigafa za fodya. Ndipo makapisozi anayi a ku golosale aja, amene bambo anayambira, akugulitsidwabe, awiri akumwa, awiri owaza, otsala kupatsa nkhuku. Mlingo wosakwanira umapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba kuti tiswane. Fleming anachenjeza za zimenezi polandira mphoto ya Nobel mu 1945.

## Mbale zonse ziwiri

Nditachoka kwa mwana uja ndinabwerera ku labu ndipo ndinapempha kubwereza mayeso onse. Ulendo uno ndinajambula chilichonse: MRSA, Klebsiella, ndi madzi ogona m'chigubu. Mwezi wotsatira ndinapita kwa azakhali, tinakhala pansi pa nkhokwe, ndinawapatsa foni.

Ndinayamba ndi kupepesa kachiwiri, ndipo kupepesa kumeneku kunali kovuta kuposa koyamba. Ndinawauza kuti tsiku lija mbale zinali ziwiri ndipo ndinawauza za imodzi. Anayang'ana ya kabwalo, anamwetulira. Anayang'ana ya Klebsiella nthawi yaitali, akuikuza ndi zala monga anawaphunzitsira adzukulu.

"Ndiye kuti pali tizilombo tina tosamumva naphini?"

"Tilipo, azakhali. Tambiri."

"Nanga ine ndikaona bala ndingadziwe bwanji kuti muli kati?"

"Simungadziwe. Inenso ndi maso okha sindingadziwe, mpaka mbale igone usiku."

Ndinawafotokozera za magazi ndi fupa, kuti zimene zagwira pakhungu sizifika mkati. Ndinawaonetsa mbale ya madzi a m'chigubu, ndipo pamenepo anaika dzanja pakamwa. Za mwana wa kutsidya sananene kanthu, koma ndinaona kuti akumuganizira. Anati agogo awo ankawauza kuti mankhwala a bala saagoneka, amaphika a tsiku lomwelo, ndipo iwo anaphwanya lamulolo chifukwa kuchipatala kunalibe pophikira.

Pano pa chitseko chawo pali nambala ya mnyamata wa kabaza, yolembedwa ndi makala. Munthu akabwera ndi bala laling'ono loyera amamutsuka ndi madzi owiritsa tsiku lomwelo. Akabwera wotentha thupi, wotupa, wa shuga, kapena mwana wakhanda, amaimbitsa nambalayo iwo eni, ndipo ena amachoka akudandaula kuti mayi aja anasintha. Mdzukulu wawo wa Fomu 2 amawalembera m'kope mtengo uliwonse, mbali imene amatenga, mwezi wokumba ndi kaphikidwe kake. Kopelo lafika pa tsamba 40.

Ulendo wapitawu ndikutsanzika anandipatsa kaphukusi kena ka m'nyuzipepala. Anali makungwa a muwawani, ndi kanthambi kokhala ndi masamba ake, chifukwa ndinawauza kuti a ku Zomba amafuna kuona masamba.

"Kayese uyu," anatero. "Koma ubwere nazo mbale zonse ziwiri."